Momwe mungakonzere phunziro la mbiri ya ufulu wa amayi wovota kuno ku Zomba

Aphunzitsi a kusekondale, atsogoleri a amayi a Mvano ndi magulu ena a kumpingo kapena kumzikiti, ngakhalenso oyendetsa mabanki a m'mudzi, amapemphedwa nthawi zina kuti ayankhulepo za ufulu wa amayi pa zisankho, makamaka tsiku la amayi pa dziko lonse la 8 Marichi likayandikira kapena kalembera wa voti akatsegulidwa. Ambiri amangolimbikitsa amayi kuti akavote, zomwe ndi zabwino, koma omvera amabalalika osadziwa kuti ufuluwo unachokera kuti komanso kuti anauvutikira ndani. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kukonza phunziro la maola awiri kapena atatu lomwe lingasiye omvera akudziwa kuti voti ya mayi inachita kumenyeredwa nkhondo, ndiponso kuti mbali yaikulu ya nkhondoyo m'dziko muno inachitikira mumzinda uno.

Yambani ndi ndalama ya K200. Pemphani aliyense amene ali nayo kuti aitulutse, ndipo funsani kuti nkhope yomwe ili pamenepo ndi ya yani. Ena adzayankha kuti ndi Mayi Rose Chibambo, koma ndi ochepa amene angafotokoze zomwe mayiwa anachita. Apa mpamene mufotokoze kuti Mayi Chibambo anayamba kusonkhanitsa amayi pa nkhani za ndale ali kuno ku Zomba kumayambiriro a zaka za m'ma 1950, pa nthawi yomwe anthu ankakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pambuyo pake anatsogolera bungwe la amayi la chipani cha Nyasaland African Congress. Boma la atsamunda litalengeza kuti m'dziko muli chipwirikiti mu Marichi 1959 ndi kumanga atsogoleri ambiri, iwonso anamangidwa atangobereka kumene, ndipo anakhala m'ndende ya Zomba pamodzi ndi khanda lawo. Ndimakonda kuyambira pamenepa kusiyana ndi kuyambira ku London kapena ku New York, chifukwa phunziro likayambira kutali, omvera amaganiza kuti nkhaniyi ndi ya azungu ndipo inangotipeza ife.

Omvera akakhazikika pa nkhani ya kwawo, mutha kuwatengera kunja kwa dziko, koma musachulukitse mayiko. Atatu kapena anayi ndi okwanira, ndipo dziko lililonse libwere ndi phunziro lake. New Zealand ndilo dziko loyamba lodzilamulira lokha kulola amayi kuvota pa zisankho za aphungu, m'chaka cha 1893, Kate Sheppard ndi anzake atasonkhanitsa masaini pafupifupi 32,000 pa chikalata chopempha Nyumba ya Malamulo kuti isinthe lamulo. Amayi a mtundu wa Māori nawonso analandira ufuluwo nthawi yomweyo, koma amayi onse anadikira mpaka 1919 kuti aloledwe kuima nawo pa mpando wa uphungu. Tsindikani mfundo imeneyi, chifukwa idzabweranso pamene mukukamba za Malawi: kuponya voti ndi kwina, kukhala pampando wopanga malamulo ndi kwinanso.

Ku Britain kunali magulu awiri omwe sankagwirizana pa njira. Gulu la Millicent Fawcett linkakhulupirira misonkhano, makalata ndi kukambirana ndi aphungu, pomwe gulu lomwe Emmeline Pankhurst anayambitsa ku Manchester mu 1903 linafika pophwanya mazenera, ndipo mamembala ake akamangidwa ankanyanyala chakudya mpaka oyang'anira ndende ankawadyetsa mokakamiza. Mu 1913 Emily Davison anamwalira atagundidwa ndi kavalo wa mfumu pa mpikisano wa ku Epsom. Lamulo la 1918 linalola amayi okhawo a zaka zoposa 30 amene anali ndi katundu kapena okwatiwa ndi amuna a katundu, ndipo panatha zaka zina khumi kuti mu 1928 amayi avote pa msinkhu wofanana ndi abambo, wa zaka 21. Apa gawani omvera m'magulu awiri kuti atsutsane za njira yomwe inathandiza kwambiri. Musawapatse yankho, chifukwa ngakhale akatswiri a mbiri yakale amasiyana maganizo, ndipo ena amaloza ku ntchito zomwe amayi anagwira m'mafakitale pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

America ndi South Africa zibwere pamodzi, chifukwa zikuonetsa kuti mawu akuti "amayi analandira ufulu wovota" nthawi zambiri amabisa amayi amene anasiyidwa panja. Ku America, Susan B. Anthony anamangidwa chifukwa chovota mu 1872 ndipo anamulipitsa chindapusa cha madola 100 chomwe anakana kulipira. Malamulo a dzikolo anasinthidwa mu 1920, koma amayi akuda a m'zigawo za kummwera anapitiriza kutsekerezedwa ndi misonkho, mayeso a kuwerenga ndi ziopsezo kufikira lamulo la 1965. Ku South Africa amayi achizungu analandira ufulu wovota mu 1930, pomwe amayi akuda, omwe mu Ogasiti 1956 anali m'gulu la amayi pafupifupi 20,000 amene anaguba kupita ku Union Buildings ku Pretoria kukana malamulo a zitupa, anaponya voti yawo yoyamba mu 1994. Wina akafunsa ngati kuchedwa kumeneku kunali kwa mayiko osauka okha, muuzeni kuti Switzerland inalola amayi kuvota pa zisankho za dziko lonse mu 1971.

Tsopano bwererani kumudzi, ndipo gawo ili ndilo muyenera kukhalitsapo. Mabuku ambiri amati amayi a ku Malawi anayamba kuvota mu 1961, ndipo ndi zoona kuti pa chisankho cha Ogasiti chaka chimenecho amayi ena anavota. Koma kalembera anali wa magawo awiri, ndipo kuti munthu alembedwe ankafunika kukhala ndi maphunziro, ndalama kapena katundu pa mlingo womwe boma la atsamunda linaika, moti olembedwa onse anangopitirira pang'ono 100,000 m'dziko la anthu pafupifupi mamiliyoni atatu. Funsani omvera kuti mu 1961 ndi amayi angati a ku Chingale, ku Mayaka kapena ku Jali amene akanakwanitsa zimenezo. Ufulu wa munthu wamkulu aliyense unabwera ndi chisankho cha 1964, koma pa chisankhocho ofuna uphungu analibe opikisana nawo, choncho anthu sanaponye voti ayi. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi. Mayi Chibambo, omwe anali mayi woyamba wachimalawi kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya kuno ku Zomba, anachotsedwa paudindo pa mkangano wa nduna wa Sepitembala 1964 ndipo anathawira ku Zambia, komwe anakhala zaka pafupifupi 30.

Zaka za chipani chimodzi zikambeni mosamala, chifukwa pakati pa omvera anu pakhoza kukhala amayi amene anavina nawo pa misonkhano ya Kamuzu monga mbumba, kapena amene anali m'bungwe la Chitukuko cha Amayi m'Malawi lomwe linayamba mu 1985. Ena amakumbukira nthawiyo ndi chisangalalo, ena ndi mantha, ndipo onse ayenera kumvedwa. Ntchito yanu ndi kuonetsa kuti amayi ankaoneka kwambiri pa ndale koma analibe mpata wosankha pakati pa zipani, ndipo ngakhale kavalidwe kawo kanali pansi pa lamulo la 1973 lomwe linkaletsa mathalauzi ndi masiketi aafupi. Tchulaninso Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wachizimayi m'dziko muno, omwe mu 1983 anaweruzidwa kuti aphedwe pamodzi ndi amuna awo a Orton Chirwa. A Orton anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo mayiwo anamasulidwa mu Januwale 1993. Kwa ine, tsiku lomwe voti ya mayi wa kumudzi inayamba kukhala ndi mphamvu yeniyeni ndi 14 Juni 1993, pa riferendamu ya nyali (zipani zambiri) ndi tambala wakuda (chipani chimodzi), pomwe anthu pafupifupi 63 pa 100 aliwonse anasankha zipani zambiri, kenako pa chisankho cha 17 Meyi 1994.

Phunziroli silingakwanire popanda mboni. Masiku angapo lisanachitike, pitani mukaonane ndi mayi wachikulire amene anavota mu 1993, ndipo mudzere kwa a mfumu kapena kwa atsogoleri a mpingo wake ngati simukudziwana naye. Mufotokozereni cholinga chanu, ndipo mumutsimikizire kuti simudzamufunsa kumene anaponya voti yake, pakuti chimenecho ndi chinsinsi chake mpaka lero. Mafunso anu akhale a zinthu zomwe munthu amazikumbukira bwino: "Agogo, tsikulo munadzuka nthawi yanji? Pamzere munali ndi ndani? Kunyumba anakuuzani chiyani musananyamuke?" Mayankho a mafunso otere amaphunzitsa achinyamata zambiri kuposa zaka zomwe mwalemba pabolodi. Ngati gulu lanu ndi laling'ono ndipo lili pafupi ndi tawuni, konzani ulendo wa pansi wokaona nyumba yakale ya malamulo, popeza Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975 ndipo aphungu anapitiriza kukumana kuno kwa zaka zambiri pambuyo pake. Amene akufuna kufufuza mozama awalozereni ku National Archives of Malawi, komwe kumasungidwa zikalata ndi nyuzipepala zakale, kapena ku laibulale ya University of Malawi.

Gawo lovuta ndi la zotsatira, ndipo pano pewani kulonjeza zambiri. Kafukufuku wa Grant Miller wa 2008 anapeza kuti m'zigawo za America zomwe zinalola amayi kuvota, ndalama zopita ku zaumoyo zinakwera mwachangu ndipo imfa za ana zinatsika ndi pakati pa 8 ndi 15 pa 100 aliwonse, chifukwa andale anayamba kulabadira za madzi aukhondo ndi matenda a ana podziwa kuti amayi tsopano ali ndi voti. Ku India, komwe gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya makhonsolo a m'midzi linasungidwira amayi kuyambira 1993, ofufuza Raghabendra Chattopadhyay ndi Esther Duflo anapeza kuti midzi yotsogoleredwa ndi amayi inaika ndalama zambiri pa madzi akumwa. Amayi amene amadzuka m'bandakucha kupita kumjigo sadzafuna kufotokozeredwa chifukwa chake.

Kuno kwathu lozani malamulo enieni: lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006, lamulo la chuma chamasiye la 2011 lomwe limanena kuti kulanda katundu wa amayi amasiye ndi mlandu, lamulo la kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi la 2013, komanso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 komwe kunaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Nenani moona kuti malamulowa sanabwere ndi voti yokha, popeza mabungwe, mafumu ndi aphungu aamuna anachitapo mbali yawo. Nenaninso kuti ngakhale Mayi Joyce Banda, mwana wa boma lino la Zomba, anakhala mtsogoleri wa dziko mu Epulo 2012, ndipo Mayi Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wachizimayi mu 2019, pa chisankho cha 2014 amayi anapambana mipando 32 yokha mwa 193, chikhalirecho amayi ndiwo amakhala ochuluka pa kaundula wa voti.

Funso limene limadzutsa mkangano wabwino kwambiri kuno ndi la chikamwini. M'midzi yambiri ya Ayao, Alhomwe ndi Amang'anja, munda ndi ana zimatsata mbali ya mayi ndipo mwamuna ndiye amasamuka, komabe pa nkhani zikuluzikulu amene amayankhula ndi malume, mwini mbumba. Funsani amayiwo ngati kukhala eni nthaka kumawapatsa mawu pamene chipani chikusankha woimira dera, ndipo ngati sichoncho, chimene chimawatchinga ndi chiyani: ndalama za kampeni, kutukwanidwa pamisonkhano, kapena kusakhulupirirana pakati pa amayi okhaokha. Abambo amene abwera apatsidwe mpata woyankha, koma pambuyo pa amayi. Inuyo musatchule chipani chomwe mumachikonda, ndipo musalole kuti pamalopo pagawidwe nsalu kapena malaya a chipani chilichonse.

Musanatseke, sankhani anthu awiri odziwa kulemba kuti alembe zomwe agogo aja anafotokoza, muwawerengere kuti akonze pomwe palakwika, ndipo muwafunse ngati akulola kuti dzina lawo lilembedwe. Pepala limodzi lipite kwa iwo kapena kwa ana awo, lina lisungidwe kusukulu kapena kumpingo. Kenako funsani mmodzimmodzi amene wakwanitsa zaka 18 ngati ali ndi chiphaso cha unzika, popeza ndicho chimafunika pa kalembera wa voti, ndipo amene alibe muwauze kuti akayambire ku ofesi ya m'boma lino ya NRB, bungwe lopereka ziphasozi.