Nyumba ya mnansi ikagwa ndi mvula

Nyumba ikagwa m'dera lanu, musathamangire kusonkha zovala zakale zokha. Zovala zimabwera zochuluka. Chimene banja limasowa usiku woyamba ndi ndowa, poto, ufa, bulangete ndi pepala lapulasitiki lofolera. Amayi muwapatse zitenje ndi mapadi mwakachetechete, chifukwa ambiri sangapemphe pagulu.

Tsiku lomwelo kauzeni amfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kuti mayina a okhudzidwa afike kukhonsolo mpaka ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zotere. Wosalembedwa thandizo limamudumpha. Lembani aliyense wam'nyumbamo, agogo ndi makanda omwe, ndipo pepala lina musunge nokha.

Namondwe wa Freddy atawononga ku Chilobwe mu Malichi 2023, anthu ambiri anakathawira m'masukulu. Sukulu ndi yongopulumukirako: zimbudzi zimachepa, kolera sachedwa, ana amaleka kuphunzira. Ngati mabanja okhudzidwa ndi ochepa, gawanani, wina asunge ana, wina makolo. Klorini wothira m'madzi kapempheni kwa alangizi azaumoyo.

Mvula ikatha, gwirizanani tsiku loumba njerwa. Koma ngati nyumbayo inali m'khwawa, musawamangirenso momwemo.