Momwe mungajambulire mtambo wa Carina ndi kamera wamba

Kummwera kwa thambo kuli mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi wotchedwa Carina, kapena NGC 3372 pa mndandanda wa akatswiri a zakuthambo, momwe nyenyezi zatsopano zimabadwira. Katswiri wa zakuthambo Nicolas-Louis de Lacaille anauona mu 1752 ali ku Cape of Good Hope, ku South Africa, koma lero aliyense amene ali ndi kamera ya DSLR (yotheka kusintha malenzi), lenzi ya 135 mm ndi tripod (choimikirapo kamera cha miyendo itatu) yolimba angathe kuujambula popanda telesikopu.

Yambani ndi kusankha usiku wopanda mwezi, kutali ndi magetsi, makamaka pakati pa Malichi ndi Meyi pamene mtambowu umakhala pamwamba kukangoda. Mukapeza nyenyezi zinayi za Southern Cross, zooneka ngati mtanda kummwera, yang'anani chakumadzulo kwake motsatira Milky Way (mlalang'amba) ndipo mudzaona kachigamba kotuwa. Pulogalamu ya Stellarium, yosonyeza mapu a nyenyezi, ingakuthandizeni kutsimikiza kuti ndi komweko.

Ntchito yofuna kuleza mtima kwambiri ndi focus, kutanthauza kukonza lenzi kuti chithunzi chisaoneke mwachimbuuzi, ndipo ambiri amagwera pomwepa. Zimitsani autofocus (focus yomwe kamera imapanga yokha), lozetsani kamera pa nyenyezi yowala ya Canopus, ikulitseni pa sikirini, kenako potozani lenzi pang'onopang'ono mpaka nyenyeziyo itakhala kadontho kakang'ono kwambiri. Mukatero, matani tepi pa lenzi kuti isasunthe, chifukwa kuphonya pang'ono chabe kumawononga zithunzi za usiku wonse.

Tsopano ikani kamera pa RAW (kusunga chithunzi chosakonzedwa), ISO 1600 (mmene kamera imamvera kuwala) ndi f/2.8 kapena f/4 (kukula kwa bowo la lenzi), ndipo chithunzi chilichonse chitenge masekondi 2 okha. Dziko limazungulira, choncho mukatalikitsa nthawi nyenyezi zimasanduka timizere. Jambulani zithunzi zosachepera 300 pogwiritsa ntchito timer kuti dzanja lisagwedeze kamera, ndipo muzibwezera mtambowo pakati ukayamba kupita m'mphepete. Musanalongedze, tsekani lenzi ndi chivindikiro chake n'kujambula zithunzi zina 30 zamdima, osasintha kalikonse. Zimenezi zimathandiza kuchotsa timadontho tobwera chifukwa cha kutentha kwa kamera.

Chithunzi chimodzi pachokha chimaoneka chakuda, koma musataye mtima. Ziphatikizeni zonse pa kompyuta ndi Siril kapena DeepSkyStacker, mapulogalamu aulere, kenako onjezerani kuwala pang'onopang'ono. Kufiira kumene kudzatulukire kumachokera ku haidrojeni, ndipo kamera wamba imatchinga mbali yaikulu ya kuwala kumeneku. Ine ndimakonda kusiya mtambowo uli wofiirira pang'ono osati kukakamiza kufiirako, kuti mizere yakuda ya fumbi ndi nyenyezi ya Eta Carinae zioneke bwino pakati pa mtambowo.