Momwe mungasankhire ndodo yotsamiritsapo mfuti posaka nyama

Mlenje aliyense amene anakwerapo chitunda n'kupeza nyama ili poteropo amadziwa zimene manja amachita. Mtima umagunda, mpweya umakhala wefuwefu, ndipo kamtanda ka mu sikopu, galasi lolunjikira lomwe limakhala pamwamba pa mfuti, kamangoyendayenda pathupi lonse la nyamayo. Mfuti ikasuntha ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 60 a digiri imodzi, chipolopolo chimakagwa pafupifupi masentimita 3 pambali pa pomwe munalunjika, ngati nyama ili pa mtunda wa mamita 100. Manja otopa amagwedezeka kuposa pamenepo kambirimbiri. Zikatero simuphonya kokha ayi. Nthawi zina mumalasa m'mimba kapena mwendo, nyama n'kuthawa ndi bala, kukafera kutali patapita masiku. Ine chimenechi ndiye chimandiwawa kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ndimati mlenje wa chilolezo chake asalowe m'tchire opanda chotsamiritsapo mfuti.

Choyamba, musayambe ndi kuyang'ana ndodo. Yambani ndi malo amene mumasakako. Dzifunseni kuti nthawi zambiri mumawombera muli chiimire, mutagwada, mutakhala pansi kapena mutagona chafufumimba. Yankho limachokera ku udzu ndi zitsamba. Kugona chafufumimba ndiko kumakhazikitsa mfuti kuposa njira zina zonse, koma kumene udzu umafika m'chiuno mukagona simuonanso kanthu. Anthu ambiri amagula timiyendo tatifupi tomangirira kumfuti chifukwa anationa pa chandamale, n'kukapeza kuti kutchire kwawoko mpata wogona pansi kulibe.

Mukadziwa kaimidwe kanu, werengani miyendo.

Ndodo ya mwendo umodzi, imene pa malonda amaitcha monopod, ndi yopepuka ndipo imakhalanso ndodo yoyendera. Imaletsa mfuti kugwera pansi, koma kugwedezeka kwa kumanja ndi kumanzere kumatsalabe. Imathandiza pa mtunda waufupi m'nkhalango yothithikana, basi.

Ya miyendo iwiri ili mitundu iwiri. Pali ndodo ziwiri zopingasa zomangidwa chakumtunda, zomwe zimapanga mphanda yoikapo mfuti. Palinso bipod yomangirira kumfuti kwenikweniko. Ya kampani ya Harris, yomwe alenje ambiri amaidziwa, imagwira pa kachitsulo kokolekapo lamba wa mfuti, ndipo imabwera mu misinkhu yosiyana: ina imatalika kuyambira masentimita 15 mpaka 23, ina 23 mpaka 33, ina yaitali imafika pafupifupi masentimita 69 kuti munthu awombere atakhala pansi. Yaifupi kwambiriyo ndi ya pa tebulo ndi pa nthaka yosalala. M'tchire kaudzu kochepa chabe kamaitsekereza. Kumbukiraninso kuti bipod imawonjezera kulemera kutsogolo kwa mfuti, ndipo phewa limamva zimenezo mukayenda tsiku lonse.

Ya miyendo itatu imaima yokha, ndipo ubwino wake waukulu ndi umenewo. Mutha kudikira nyama kuti itembenuke kwa mphindi zambiri mikono osalema, kapena kuikapo magalasi oonera patali. Alenje otsogolera alendo mu Africa akhala akugwiritsa ntchito nthawi yaitali ndodo zitatu zamtengo kapena zansungwi, zomangidwa ndi mphira wodulidwa ku chubu chakutha, ndipo zimagwira ntchito mpaka lero. Masiku ano kuli ma tripod okhala ndi chopanira chomwe chimaluma mfuti, monga BOG DeathGrip. Amakhazikika zedi, koma ndi katundu wolemera, woyenera munthu wobisalira pamalo amodzi.

Ndiye pali ya miyendo inayi, imene ine ndimaikonda pa kuwombera chiimire. Ili ndi mphanda ziwiri, ina yogwira kutsogolo kwa mfuti, ina yogwira kumbuyo pafupi ndi phewa. Miyendoyo imakumana iwiriiwiri pansi, kotero nthaka imakhudzidwa pawiri pokha. Viper-Flex ya ku Denmark ndi chitsanzo chodziwika. Popeza mfuti yagwiridwa mbali zonse, kamtanda kaja kamadekha modabwitsa, pafupifupi ngati mwagona pansi. Vuto lake ndi lakuti nyama ikasuntha kwambiri cham'mbali muyenera kunyamula mwendo umodzi n'kuusendeza, ndipo pa miyala kapena pa udzu wolukanalukana zimenezo zimafuna kuzolowera.

Kenaka yezani msinkhu. Valani nsapato zomwe mumapita nazo kosaka, onetsetsani kuti mfuti ilibe chipolopolo, iikeni paphewa ngati mukulunjika chinthu chakutali, ndipo mnzanu ayeze kuchokera pansi kufika kunsi kwa mtengo wakutsogolo wa mfutiyo. Ndodo yanu izifika pamenepo miyendo itatambasulidwa, osati itapindidwa, pakuti miyendo ikatakasuka mphanda imatsika. Yofupika pang'ono mutha kuipirira potangadza miyendo yanu. Yotalika kwambiri imakuimitsani ndi zala za kumapazi, ndipo pamenepo palibe kukhazikika. Ngati mumasaka m'mapiri, sankhani yomwe mwendo uliwonse umatalika paokha. Primos Trigger Stick ili ndi chogwirira chimene mukachifinya miyendo imatsika yokha mpaka kugunda pansi, zomwe zimathandiza pa malo otsetsereka, kungoti fumbi ndi matope zikalowa m'kati imayamba kuuma.

Tsopano pomwe mfuti imakhala. Apa ndiye ambiri amalakwitsa. Mpope wa mfuti usagone pa ndodo, pa mwala kapena pa nthambi. Chipolopolo chikamatuluka mpope umanjenjemera, ndipo mfuti zambiri zamakono anazipanga kuti mpopewo usakhudze kanthu. Mukautsamiritsa, chipolopolo chimapita kwina, kawirikawiri m'mwamba. Chogona pa mphanda ndi mtengo wakutsogolo wa mfuti, ndipo muziuika pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Cholimba chisagundane ndi cholimba chinzake: mphanda ikhale yokutidwa ndi mphira kapena chikopa, ndipo mukatsamiritsa pa mwala ikanipo chipewa, chikwama kapena dzanja lanu. Mfuti zina zimalumikizidwa ku tripod kudzera pa kanjanji komangirira kumfuti, ka mtundu wa Picatinny kapena wa Arca-Swiss. Musanagule onani kuti yanu ili ndi kotani. Pa bipod, sankhani yomwe mutu wake umapendekeka, kuti pa nthaka yokhota muwongole mfuti popanda kukumba pansi. Mfuti yopendekera kumanja imaponya chipolopolo kumanja ndi pansi pang'ono, ndipo mtunda ukamatalika cholakwikacho chimakula.

Za chomwe ndodoyo anapangira sindichedwapo. Aluminiyamu ndi yotsika mtengo koma imazizira m'manja ndipo imalira ikagunda mwala. Carbon fibre ndi yopepuka ndi yachete, koma ndi yodula. Mtengo ndi nsungwi sizilira kwenikweni, kungoti simungazifupikitse kapena kuzitalikitsa. Chilichonse chomwe mwatenga, chigwedezeni pafupi ndi khutu. Ngati chikuchita phokoso kwa inu, nguluwe kapena mphoyo idzachimva musanaione. Yang'ananinso mapazi ake: zisonga zimaluma dothi, mphira umagwira pa mwala.

Musaiwale chikwama chanu chakumsana. Mukachidzaza ndi zovala n'kuchigoneka pansi kapena pa chulu, chimagwira mfuti bwino kuposa zipangizo zina zogula. Kathumba kamchenga kakang'ono koika kunsi kwa mfuti chakuphewa kamathandizanso kwambiri mukagona chafufumimba. Samalani chinthu chimodzi mukakhala pansi choncho: sikopu ili masentimita angapo pamwamba pa mpope, kotero diso litha kuona nyama bwinobwino pamene kamwa la mfuti laloza mwala kapena chitsa chili patsogolo panu.

Chomaliza ndi kupita nayo ku chandamale. Konzani sikopu yanu pa tebulo ndi matumba amchenga, kenaka imirirani, muwombere pa ndodo yomweyo imene mukasake nayo, ndipo kuseri kwa chandamale kukhale chitunda chogwira zipolopolo. Jambulani pa pepala bwalo la masentimita 15 mpaka 20. Yambirani pa mamita 50, muzitalikira pang'onopang'ono. Mtunda umene zipolopolo zanu zonse zikugwerabe m'kati mwa bwalolo ndiwo malire anu kutchire. Pa bipod, kankhirani thupi patsogolo pang'ono kuti timiyendo tilimbe. Pa ndodo zazitali, tangadzani miyendo yanu, dzanja lina ligwire mphanda pamodzi ndi mfuti. Kunyumba, mfuti ilibe chipolopolo ndipo chala chili kutali ndi chowombera, yesezani kutambasula ndodo ndi kukwezapo mfuti mwakachetechete, kakhumi kapena kuposa, mpaka muzitha kuchita zimenezo maso ali pa chinthu chomwe mukufuna kulunjika.