Pisitoni yokhwepa: lekani kupala ndi sandipepa m'manja

Chilimwe chino achinyamata ambiri kuno ku Mangochi, kuyambira pa boma mpaka ku Monkey Bay, alowa m'ntchito yopanga tiinjini toyendera mpweya wotentha, tija ta mtundu wa Stirling. Zitini zilipo, masipoko a njinga alipo, kandulo ndi yosasowa. Koma tiinjini tambiri timene ndaona sitikuzungulira, ndipo paliponse mlandu akuupereka kwa moto. Wina wayatsa makandulo atatu, wina wakhazika kainjini pambaula mpaka chitini chapsa. Moto ulibe mlandu. Vuto ndi pisitoni, kachitsulo kokwera ndi kutsika kamene kamakankha gudumu, ndipo mukuiwononga nokha ndi manja anu.

Zimene mukuchita ndi izi. Mwadula kachitsulo, kakukana kulowa m'silinda, kapaipi kamene pisitoni imayendamo. Mwatenga sandipepa wokhakhala, mwakulunga kachitsuloko, n'kumapotokola ndi zala uku mukucheza. Zala sizipanikiza mofanana. M'mphepete mumadyeka msanga kuposa pakati, ndiye pisitoni imatuluka yonenepa pamimba, yowonda kumapeto, ngati chitsononkho. Ikangolowa mumati ntchito yatha. Koma ikugunda silinda pa kamzere kamodzi kokha, kwina konseko ndi njira ya mpweya. Ena mukapitiriza pang'ono kuti "iziyenda bwino", imayamba kugwedera, ukaigwedeza pafupi ndi khutu imachita kumveka kuti kwe kwe.

Mpata umene kainjini kotere kamalola pakati pa pisitoni ndi silinda ndi wa mamilimita 0.02 kapena 0.03. Tsitsi la munthu ndi lonenepa kuposa pamenepo. Ndipo mpweya suthawa molingana ndi kukula kwa mpatawo ayi. Mukakulitsa mpata kawiri, mpweya wothawa umachuluka kasanu n'katatu. Mukachoka pa 0.02 n'kufika pa 0.1, womwe ndi diso umaoneka movutikira, mwauchulukitsa koposa ka 100. Tsono kainjini aka mphamvu yake yonse ili m'kampweya kochepa kamene kamafutukuka kakatentha, n'kunyala kakazizira. Kakathawira m'mbali, chotsala chokankha gudumu n'chiyani?

Ndikudziwa kumene chisokonezo chikuchokera. Injini imene m'busa wa ku Scotland, Robert Stirling, analembetsa mu 1816 imakhala ndi zinthu ziwiri zoyenda chokwera ndi chotsika. China, chija mumapanga ndi sitiluwulu kapena kachitini kopepuka, ntchito yake ndi kungosuntha mpweya kuchoka kotentha kupita kozizira, ndipo chimenecho chiyeneradi kukhala chokhwepa kuti mpweya uzidutsa m'mbali mwake. Inu mwamva zimenezo n'kukhwepetsa zonse ziwiri. Pisitoni yopereka mphamvu ndi nkhani ina: iyenera kutseka mpweya, komanso kutsetsereka popanda kugwira.

Chimene chimanditopetsa ndi mankhwala amene mumathamangira mukaona kuti yakhwepa. Girisi! Ulusi wa thonje! Malegeni! Chilichonse chikakhwepa m'dziko muno timachimanga ndi mphira wa chubu, mpaka tayamba kuyesa kuti ndi umisiri. Bambo wina wolima dimba cha ku Malindi anandiyimitsa nditanena zimenezi pagulu la mwana wake. Anati, "Alangizi, inu musatinyoze. Mpope wanga wopalasa ndi mapazi unasiya kukoka madzi, ndinadula chubu n'kuveka pisitoni, mpaka lero ndikuthirira tomato." Zoona, ndipo anachita bwino. Koma mpope uja akuupalasa ndi bambo wathupi lake, wodya nsima. Mphira ukagwira, amangoponda mwamphamvu. Kainjini ka mwana wawo kakudalira kandulo imodzi. Ngakhale girisi wochepa ngati wopaka pa chala amakaimitsa, ndipo ndi fumbi la nyengo ino girisiyo amasanduka phala lokanda silinda. Anaseka bamboyo, koma sindikukhulupirira kuti anagonja.

Taonani zimene mukutaya. Kachidutswa ka brass kapena ka aluminiyamu kabwino sikapezeka mwachisawawa kuno, ena mumachita kuitanitsa ku Limbe. Chitsulo mukachipala mopitirira simungachibwezere, ndiye kwatsala n'kutaya. Choipa kwambiri n'chakuti pofunafuna vuto mumaphwasula zinthu zimene zinali bwino: mwapinda mwatsopano kirankishafuti, kachitsulo kopindika kozunguza gudumu, mwasintha gudumu, mwamatula chitini chimene sichinkadontha. Kainjini kamene kanali ndi nthenda imodzi kamatsala ndi zinayi. Kenako mnyamata amene anali ndi luso m'manja amati izi n'za azungu, n'kukasiya kainjiniko pansi pa bedi kakuchita dzimbiri.

Wina ndinamupeza akusalaza silinda ndi mchenga wa kunyanja wosakaniza ndi oyilo. Mchenga wa nyanja yathu ndi wabwino pomangira nyumba. M'silinda umasiya mikwingwirima imene ukapendeka kuwala umaiona yoyera, yotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo uliwonse ndi ngalande ya mpweya. Timchenga tina timatsalira m'chitsulo chofewa n'kumapitiriza kudya pisitoni mpaka kalekale.

Nanga mutani? Yambani ndi silinda, pisitoni ibwere pambuyo, chifukwa kupala kunja kwa chitsulo n'kosavuta kusiyana ndi kukonza bowo. Sakani kapaipi kosalala kale m'kati, osati bowo loboola ndi drilu, limene silikhala lozungulira bwinobwino. Ngati lathe, makina opalira chitsulo chikuzungulira, palibe, mangani kachitsulo pa drilu, drilu muikhazike zolimba pa thabwa, kazizungulira. Sandipepa mumate pa galasi kapena pa chitsulo chophwatalala, osati pa zala, muyambe ndi nambala 400, mumalize ndi 1000 kapena kuposa. Palani kachitsulo katalikirapo kuposa pisitoni imene mukufuna, mudzadule pakati pomwe pali powongoka. Pakangopita kanthawi imani, pukutani, dikirani kazizire, yesani. Amene angabwereke maikulomita, choyezera kunenepa kwa chitsulo, kwa amakanika abwereke, imawerenga mpaka 0.01. Ikayamba kulowa mothina, siyani sandipepa, malizani ndi mankhwala otsukira mano, kenako tsukani zonse ndi palafini. Musaike aluminiyamu m'silinda ya aluminiyamu, zimalumana; brass m'chitsulo ndi bwino. Mukapeza jakisoni wakale wagalasi wosagwiritsidwapo ntchito, mwapeza silinda ndi pisitoni zokonzeka kale. Poyesa, imikani silinda chilili. Kunsi kukakhala kotsegula, pisitoni igwe yokha. Mukatseka ndi chala chachikulu, iime kapena izitsika pang'onopang'ono, ndipo mukaikoka n'kuisiya ibwerere. Mmalo mwa oyilo, pakani mtovu wa pensulo yofewa.