Momwe mungapezere tagi yosakira elk ku Colorado kapena ku Wyoming ngati simukhala kumeneko

Ku America nyama zakutchire zili m'manja mwa chigawo chilichonse pachokha, osati boma lalikulu la ku Washington. Ndiye Mmalawi wokhala ku South Bend, Indiana, akafuna kukasaka elk m'mapiri a Colorado, kumeneko amamutenga ngati mlendo ngakhale ali ndi pasipoti ya America m'thumba. Mlendo amalipira zambiri, ndipo matagi (zilolezo zophera nyama) omwe amamusiyira ndi ochepa. Tagi ya elk yamphongo mwinidera wa ku Colorado amaigula ndi ndalama zosafika madola 100, pomwe mlendo amatulutsa madola oposa 800. Alipo anakadandaula mpaka kukhoti lalikulu la dzikolo, koma mu 1978, pa mlandu wa Baldwin wokhudza chigawo cha Montana, khotilo linati palibe cholakwika pamenepo.

Elk ndi nyama ya mtundu wa mbawala, koma yamphongo imaposa ngoma kukula. Tagi ndiye chilolezo chophera nyama imodzi yokha. Imatchula mtundu wa nyamayo, kaya ndi yamphongo kapena yaikazi, dera lake, masiku ake, ndi chida chomwe mugwiritse ntchito, mfuti kapena uta. Kusaka kumachitika kuyambira Seputembala mpaka Novembala, koma amene amayamba kufunsa za tagi mu Seputembala wachedwa kale. Ntchitoyi imayamba chaka cham'mbuyo chisanathe.

Yambani ndi mapepala anu, musanaganize n'komwe za phiri. Nzika ndi amene ali ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dzikolo) saletsedwa kugwira mfuti chifukwa cha kumene anachokera. Wokhala pa viza ya sukulu kapena ya kucheza, lamulo la boma lalikulu limamuletsa kugwira mfuti kapena zipolopolo pokhapokha ali ndi laisensi yosakira yomwe sinathe ntchito. Choncho laisensi ibwere kaye, mfuti pambuyo. Wochokera kunja amene akufuna kulowa ndi mfuti yake amalemba fomu yotchedwa 6NIA ya ATF, nthambi ya boma lalikulu yoona za mfuti, nthawi ikadalipo. Amene mapepala ake sali bwino asayerekeze kugwira mfuti, umenewo ndi mlandu waukulu. Komanso musaname kuti ndinu mwinidera pofuna mtengo wotsika. Colorado imafuna kuti mukhale mwakhalako miyezi 6 yotsatizana, Wyoming chaka chathunthu, ndipo adiresi ya msuweni siiwerengedwa.

Chachiwiri ndi maphunziro a alenje, omwe kumeneko amati Hunter Education. Ku Colorado aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1949 ayenera kukhala ndi khadi lake, ku Wyoming kuyambira 1966. Kunena zoona, ndi tonsefe. Chitirani maphunzirowa m'chigawo chomwe mukukhala, chifukwa zigawo zimavomerezana makadiwa. Atheni Khirisimasi isanafike.

Tsopano kalendala. Matagi abwino sagulitsidwa ngati buledi, amachitira mayere, ndipo chigawo chilichonse chili ndi tsiku lake lotsekera. Mayere a elk a alendo ku Wyoming amatseka kumapeto kwa Januwale, a mbawala ndi pronghorn (nyama yonga nswala) kumapeto kwa Meyi. New Mexico imatseka chapakati pa Malichi, Montana pa 1 Epulo. Colorado imatsegula kumayambiriro kwa Malichi n'kutseka Lachiwiri loyamba la Epulo. Kumayambiriro kwa chaka nthambi zoyang'anira nyama zakutchire, Colorado Parks and Wildlife ndi Wyoming Game and Fish Department, zimatulutsa kabuku ka malamulo a chaka chimenecho pa intaneti. Kawerengeni konse, chifukwa mitengo ndi malamulo zimasinthasintha, ndipo zomwe mnzanu anachita dzana lija mwina chaka chino sizikugwiranso ntchito.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi pa mapointi. Ku Colorado pofunsira mumaika matagi angapo motsatana, ndipo mukalephera kupeza tagi yomwe munaiika poyamba, amakupatsani pointi imodzi ya nyama imeneyo. Chaka chamawa amene ali ndi mapointi ambiri ndiye amayamba kutola, ngati mzere wa kuchigayo: wofika mbandakucha agayitsa kaye. Mukapata tagi yomwe munaiika poyamba, mapointi anu onse atha, muyambiranso pansi. Mukapata yomwe munaiika yachiwiri, mapointi amakhala osakhudzidwa, ndipo alenje odziwa amaseweretsa mpata umenewu: pamwamba amaika dera lovuta, pansi dera losavuta, n'kumasaka uku mapointi akuchuluka.

Wyoming imachita mosiyanako. Pa matagi a alendo, 75 peresenti imapita kwa a mapointi ambiri, 25 peresenti amachitira mayere enieni momwe ngakhale wopanda pointi angapate. Pointi kumeneko mumachita kugula, pakati pa Julaye ndi Okutobala, ndipo mukadumphitsa zaka ziwiri zotsatizana onse amafufutidwa. Alinso ndi mizere iwiri, wamba ndi wina wodula kwambiri womwe amautcha special, poyembekezera kuti opikisana nawo achepako. Nthawi zina amachepadi, nthawi zina ayi. New Mexico ilibe za mapointi. Matagi 84 mwa 100 alionse ndi a eni dera, 10 a alenje omwe alemba ganyu kampani yowaperekeza, ndipo 6 okha ndiwo a mlendo wodziyendera yekha. Mwayi ndi wochepa, koma wongoyamba kumene ndi wakalekale amafanana.

Vuto la mzere wa mapointi ndi lakuti umatalika inu muli pomwepo. Dera lomwe chaka chino lafuna mapointi 10, chaka chamawa likhoza kufuna 11, chifukwa ofika kale ndi ambiri kuposa matagi. Madera ena otchuka a kumpoto chakumadzulo kwa Colorado amafuna mapointi oposa 20 kwa mlendo. Maganizo anga ndi akuti wongoyamba asawerengere madera amenewo. Funsirani tagi ya elk yaikazi. Imapezeka msanga, nyama yake ndi yabwino, ndipo mumaphunzira phirilo miyendo ikadali ndi mphamvu, m'malo mokalamba mukusonkhanitsa mapointi a nyanga zokapachika pakhoma.

Posankha dera musadalire zithunzi za pa Facebook. Zigawozi zinagawidwa m'madera okhala ndi manambala, ndipo nthambi zija zimasindikiza ziwerengero za chaka chatha: anafunsira angati, anapata angati, ndi mapointi angati, ndipo mwa osakawo anapha angati. Mukaona dera lomwe matagi ake akungotsala, dzifunseni chifukwa chake. Kawirikawiri malo ambiri kumeneko ndi a anthu, otchingidwa ndi waya, ndipo mudzangoimirira pamsewu kumayang'ana elk zikudya msipu m'famu ya munthu. Funani dera lokhala ndi nkhalango za boma kapena malo a Bureau of Land Management, nthambi yoyang'anira malo a boma lalikulu. Pulogalamu ya pafoni ngati onX imaonetsa malire a malo a boma ndi a anthu. Ku Wyoming kuli lamulo lina lomwe limadzidzimutsa alendo: m'nkhalango zina zotetezedwa mwapadera, zomwe amazitcha wilderness, mlendo saloledwa kusaka nyama zikuluzikulu popanda womuperekeza wovomerezeka kapena mwinidera amene watenga chilolezo chomuperekezera. Onani mapu musanalipire.

Kufunsira kwenikweniko ndi kwa pa intaneti ndipo sikuchedwa. Mutsegula akaunti, adzakufunsani nambala ya Social Security ndi ya khadi la maphunziro lija. Ku Colorado muyenera kugula kaye laisensi ina, monga ya tinyama ting'onoting'ono, pamodzi ndi sitampa yothandizira malo okhala nyama, ndipo ndalama zimenezo sizibwerera ngakhale mulephere mayere. Tagi iliyonse ili ndi kodi ya zilembo ndi manambala. Chilembo chimodzi chikaphonyeka mwafunsira nyama ina kapena nyengo ina, ndiye werengani kawiri. Wyoming ndi New Mexico amadula ndalama yonse ya tagi tsiku lofunsira n'kudzabweza mukalephera. Colorado imadula mukapata, cha kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni. Apa pali msampha: khadi la kubanki likakana ndipo tsiku lomaliza lolipira n'kudutsa, tagi yapita, mapointi apitanso. Ngati mukufunsira pagulu ndi anzanu, dziwani kuti Colorado imatenga mapointi a amene ali ndi ochepetsetsa, pomwe Wyoming imaphatikiza onse n'kugawa mofanana.

Mukalephera, chaka sichinathe. Colorado imachitanso mayere achiwiri omwe mumafunsira mu Juni, ndipo matagi otsala amagulitsidwa kumayambiriro kwa Ogasiti, woyamba kudina ndiye watenga. M'madera ena muli matagi a elk yamphongo ogula popanda mayere, a nyengo yachiwiri ndi yachitatu ya mfuti, kungoti alenje amadzaza phiri lonse. A uta asamale: kuyambira 2025 mlendo wofuna kusaka elk ndi uta kumadzulo kwa msewu wa I-25 ayenera kudutsa m'mayere.

Tagi ikabwera, malamulo ake amakutsatirani mpaka kutchire. Pa nyengo ya mfuti ku Colorado muvala chovala chowala cha olenji kapena pinki, kuphatikizapo chipewa. Nyama ikagwa, sainani tagi nthawi yomweyo, ndipo posenda siyani chizindikiro chosonyeza kuti inali yamphongo kapena yaikazi chili cholumikizika ku nyamayo. Kutenga nyanga n'kusiya nyama yodyedwa kutchire ndi mlandu. Chifukwa cha matenda a muubongo otchedwa CWD, zigawo zambiri sizilola kulowetsa mutu wokhala ndi ubongo kapena fupa la msana, choncho funsani malamulo a kwanu ndi a zigawo zomwe mudutsemo, ndipo ngati n'kotheka chotseranitu mafupa komweko. Nyama yophedwa mosatsata lamulo ikangowoloka malire a chigawo, mlanduwo umakhala wa boma lalikulu pansi pa Lacey Act ya 1900, ndipo wolandidwa laisensi ku Colorado amapezeka kuti walandidwanso ku Indiana, chifukwa pafupifupi zigawo zonse zinagwirizana zouzana maina a olakwa.