Momwe mungayesere ngati transaction ya pulogalamu yanu ikugwiradi ntchito

Sitolo ya mbewu ndi feteleza ikagulitsa thumba limodzi la urea, pulogalamu yake imachita zinthu zitatu mu database: imachotsa thumbalo pa katundu wotsala, imalemba ndalama zomwe zalowa, kenaka imatulutsa lisiti. Zitatuzi zichitike zonse, apo ayi pasachitike n'chimodzi chomwe. Imeneyi ndiyo ntchito ya transaction. Zikayenda bwino imamaliza ndi COMMIT, zikavuta pakati imachita ROLLBACK n'kubweza zonse mmene zinalili. Mayeso ambiri amangoona ngati kugulitsa kukutheka, koma ndalama zimasowera pamene kugulitsako kwadukira panjira. Pano tigwiritsa ntchito Django, chida cholembera mapulogalamu a pa intaneti mu Python, ngakhale ogwiritsa ntchito Laravel, chida chonga chomwecho cha PHP, nawonso apezapo zawo.

Yambani ndi database yeniyeni. Ngati pa seva pali PostgreSQL kapena MySQL, mayeso anu ayendenso pa yomweyo. SQLite ndi yopepuka pa laputopu, koma Django ikamagwira nayo ntchito imangonyalanyaza select_for_update, lamulo loika loko pa mzere wa mu tebulo kuti wina asausinthe, osadandaula n'komwe. Kuli ngati kuyesa mabuleki a njinga pabwalo la mpira, mawa lake n'kukatsika nayo phiri la Kanjala mutanyamula matumba. A MySQL lembani SHOW TABLE STATUS muone ngati matebulo onse ali pa injini ya InnoDB, chifukwa injini ina ya MyISAM sidziwa transaction, ndipo ROLLBACK siibweza kanthu kumeneko.

Kenaka sankhani class yoyesera. TestCase ya Django imakulunga mayeso aliwonse mu transaction yake n'kuibweza pomaliza, n'chifukwa chake imathamanga msanga. Koma pochita zimenezi imabisa zinthu zitatu. COMMIT yeniyeni sichitika, motero SMS yopita kwa mlimi yomwe munaiika mu on_commit (malo a ntchito zodikira COMMIT) situmizidwa. Mukaiwala atomic (lamulo la Django lokulunga code mu transaction) pa select_for_update mayeso amapambanabe, pamene pa seva pulogalamu ikagwa ndi TransactionManagementError. Ndiponso thread ina (gawo lina la pulogalamu loyenda nthawi yomweyo) siiona zomwe mayeso anu alemba. Pa nkhani ya on_commit yokha, captureOnCommitCallbacks yomwe inabwera ndi Django 3.2 mu 2021 imakwanira. Pa zinazo tengani TransactionTestCase, yomwe imachita COMMIT ndithu n'kupukuta matebulo ikamaliza. Ku Laravel, RefreshDatabase imakulunganso chimodzimodzi, ndiye pa mayeso oterewa ikani DatabaseMigrations.

Tsopano igwetseni dala pulogalamuyo. Ikani matumba 50 m'sitolo yoyeserera. Ndi mock.patch, chida chosinthira function kwa kanthawi poyesa, pangani kuti function yotulutsa lisiti iponye exception (chizindikiro choti zavuta) kudzera mu side_effect, ndipo itanani kugulitsa mkati mwa assertRaises. Mukatero funsani database: matumba akadali 50? Tebulo la malipiro lilibe kanthu? Musaiwale refresh_from_db, pakuti ROLLBACK imabweza za mu database zokha, object yomwe ili mu memory imakhalabe ndi nambala yomwe inali nayo.

Mayesowa akalephera chikhalirecho atomic ilipo, fufuzani try ndi except mkati mwake. Exception ikamezedwa m'katimo, Django imaona ngati zonse zayenda bwino n'kuchita COMMIT. Muigwirire kunja kwa atomic. Akapambana, musasangalale msanga: chotsani atomic kwa kanthawi, muwathamangitsenso. Ayenera kulephera. Mayeso opambana atomic ilipo kapena palibe ndi ongokometsa lipoti basi.

Gawo lovuta ndi la anthu awiri kugulitsa nthawi imodzi. Mvula ikayamba mu Novembala, pamzere pamakhala anthu ambiri, ndipo wogulitsa wa ku Kapata ndi mnzake wa kunthambi ya ku Katete akhoza kudina pa thumba lomaliza m'sekondi yomweyo. PostgreSQL mukangoiika imakhala pa Read Committed, pomwe kungowerenga sikuika loko, choncho onse awiri awerenga kuti latsala 1, onse alemba 0, malisiti atuluka awiri, thumba lili limodzi. Aliyense anali mu transaction yake bwinobwino, komabe mlimi mmodzi abwerera chimanjamanja atalipira kale.

Kuti muone zimenezi, mu TransactionTestCase ikani thumba limodzi, pangani ma thread awiri, muwaimike pa threading.Barrier kuti anyamukire limodzi. Thread iliyonse imatsegula connection yakeyake, ndiye iitseke ikamaliza, kupanda kutero database yoyesera ikana kufufutika. Zoyembekezera n'zakuti mmodzi agulitse, wina auzidwe kuti katundu watha, lisiti likhale limodzi. Bwerezani kambirimbiri mu loop, chifukwa mpikisano woterewu suonekera ulendo uliwonse. Mankhwala ake ndi select_for_update mkati mwa atomic, kuti wachiwiri adikire woyamba amalize. Ine ndimawonjezeranso CheckConstraint yoletsa nambala ya katundu kutsika pansi pa 0, popeza tsiku lina wina adzalemba code yatsopano n'kuiwala loko.

Chomaliza ndi mobile money. Ndalama zikachoka mu foni ya mlimi pa MTN, Airtel kapena Zamtel, ROLLBACK yanu siingazibweze, chifukwa zadutsa m'makina a eni ake. Musaitane API yolipirira (njira yomwe pulogalamu yanu imalankhulira ndi makinawo) mkati mwa atomic. Lembani kaye oda kuti ikudikira malipiro, chitani COMMIT, kenaka itanani. Uthenga wotsimikiza malipiro ukhozanso kufika kawiri netiweki ikamavuta, choncho ikani unique pa nambala ya malipirowo, ndipo m'mayeso tumizani uthenga womwewo kawiri muone ngati K500 ya mlimi yalembedwa kamodzi kokha.

Mayeso a TransactionTestCase amachedwa. Apatseni tag yawoyawo, kuti pogwira ntchito masana muziwadumpha ndi --exclude-tag, koma muziwathamangitsa onse musanakweze code pa seva.