Kusankha njira yopitira kuntchito pa njinga

Ngati mukufuna kufika msanga komanso bwinobwino, chitani izi:

1. Pezani njira ziwiri kapena zitatu pa Google Maps. Musathamangire yachidule. Yozungulira pang'ono koma ya magalimoto ochepa ndiyo yabwino.

2. Pewani misewu ya malole ndi mphambano zazikulu. Dalaivala wa lole akamakhota saona wanjinga amene ali m'mbali mwake, choncho musaime pamenepo. Pakavuta, tsikani muwoloke mukukankha, palibe chamanyazi.

3. Iyeseni tsiku lopuma. Onani maenje, zitunda ndi mphindi zimene mwatenga, kenako muwonjezerepo pang'ono poti m'mawa msewu umadzaza.

4. Ganiziraninso za pobwerera kutada: nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo.

5. Funsiranitu malo okhomera njinga kuntchitoko.